Anyamata a ku Dartford ndi Kagulu Kamene Kadatsogolera The Rolling Stones

M'mwezi wa Meyi chaka cha 1995, m'nyumba ya okushoni ya Christie's mumzinda wa London, kumene eni chuma amapikisana mitengo pa zithunzi za amisiri akale ndi mikanda ya mafumu, adaika pathebulo kanthu konyozeka m'maso, kamene wosesa m'nyumba akadatha kukataya kudzala osamva nako chisoni: tepi yakale ya pamkombero, yojambulidwa m'nyumba ya munthu wamba zaka zoposa 30 m'mbuyomo, momwe mudali mawu a anyamata asukulu akulimbana ndi nyimbo za eni. Pamene nyundo idagwa, tepiyo idapita pa mtengo woposa mapaundi 50,000. Ndipo wogulayo adali Mick Jagger, woimba wa gulu la The Rolling Stones, amene pakutero adali kuwombola mawu ake omwe, pakuti mnyamata wokuwa m'tepimo adali iye mwini, ali ndi zaka 18.

Kagulu ka anyamatawo kankatchedwa Little Boy Blue and the Blue Boys. Sikadatulutse chimbale ngakhale chimodzi, sikadaimepo pamaso pa anthu olipira pakhomo, ndipo kuchokera tsiku limene kadakwanira anthu ake kufikira tsiku limene kadamwazikana sipadathe chaka. Komatu mwa anyamata asanu amene adali m'menemo, atatu adaima pansanja usiku woyamba wa The Rolling Stones, ndipo awiri mwa atatuwo akuimbabe pamodzi kufikira lero, imvi zili mbuu. Akulu adati m'mera mpoyamba. Chotero amene afuna kudziwa chifukwa chake gulu lalikululo limamveka monga limamvekeramo, ayenera kuyamba walowa m'kachipinda kumene anyamatawa ankasokosera makolo a mnzawo.

Dartford ndi tauni ya mafakitale m'chigawo cha Kent, chakum'mawa kwa London, ndipo m'masiku a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse idali panjira ya ndege za Germany zopita kukaphulitsa likululo. M'menemo, m'chipatala chotchedwa Livingstone (dzinalo n'la David Livingstone yemwe timamudziwa kuno), adabadwa Michael Jagger pa 26 Julayi 1943, ndi Keith Richards pa 18 Disembala chaka chomwecho. Adaphunzira limodzi ku sukulu ya pulayimale ya Wentworth, koma mabanja awo sadali a msinkhu umodzi. Bambo ake a Jagger adali mphunzitsi wa masewera olimbitsa thupi, munthu wa mwambo wofuna kuti mwana akwere ndi maphunziro. Bambo ake a Richards adali wantchito wa m'fakitale ya mababu a magetsi, ndipo banjalo, litawonongekerwa nyumba ndi bomba, lidadzakhala m'nyumba za khonsolo ku Temple Hill. Mayeso amene ana a ku England ankalemba pa zaka 11 ndiwo adamaliza kuwalekanitsa: Jagger adasankhidwira ku Dartford Grammar School, sukulu ya ana oyembekezeka kukafika ku yunivesite, pamene Richards adapita ku sukulu ya zaumisiri, kumene adachotsedwa mu 1959 chifukwa cha kujomba, nakapezeka ku Sidcup Art College, sukulu ya zojambula imene, monga zinzake za nthawiyo, idali pothawira pa ana anzeru osamva kamwa. Mwayi wina udawagwera onse osaupempha: boma lidaleka kulemba anyamata usilikali wokakamiza iwo asadafike msinkhu, kotero kuti zaka ziwiri zimene akulu awo adathera pa perete, iwo adathera pa gitala.

Tsono kuti timvetse chimene chidawagwira mtima, tiyenera kuwoloka nyanja ya Atlantic. Nyimbo za blues zidabadwira kumwera kwa America pakati pa ana ndi adzukulu a akapolo ochokera ku Africa, anthu amene, ngakhale ukapolo udathetsedwa mu 1865, adakhalabe matenanti m'minda ya thonje ya azungu, akulima chaka ndi chaka ngongole yosatha. Kapangidwe ka nyimboyo n'kosavuta kukafotokoza, ngakhale n'kovuta kukachita: woimba amaponya mzere umodzi, naubwereza, ndipo mzere wachitatu umadza kudzayankha, pakati pa mizereyo gitala imavomera ngati munthu wachiwiri, ndipo woliza amakankha nsambo ndi chala kufikira liwu litapindika, losakhala pamwamba kapena pansi, koma pakati pomwe pamakhala kubuula. Nkhani zake ndi za tsiku ndi tsiku, za mkazi wothawa, za kapitawo wankhanza, za sitima yopita kumpoto, za mowa ndi za chilakolako, zonenedwa mosabisa ndiponso, kawirikawiri, moseketsa.

Mmodzi wa matenanti amenewa adali McKinley Morganfield, wodziwika ndi dzina loti Muddy Waters, woyendetsa thirakitala pa munda wa Stovall ku Mississippi, amene mu 1941 adajambulidwa mawu pakhomo pake ndi Alan Lomax, wosonkhanitsa nyimbo za anthu wamba. Atadzimva yekha m'makina, adadziwa kuti ndi woimba. Mu 1943 adakwera sitima kupita ku Chicago, ndipo m'mabala aphokoso a kumeneko, momwe gitala yamba siikadamveka, adatenga gitala yamagetsi. Kampani imene idamujambula idali Chess, ya abale awiri, Leonard ndi Phil Chess, Ayuda ochokera ku Poland. Ndipo pakhomo lomwelo padadzera Howlin' Wolf, Little Walter, Willie Dixon ndi Bo Diddley. Mu 1955 Muddy Waters adalozera khomolo mnyamata wa ku St Louis dzina lake Chuck Berry, amene adatenga mafupa a blues nawathamangitsa, nawaveka mawu a magalimoto, sukulu ndi madansi, kotero kuti ana a azungu omwe adayamba kuvina. Dzina limeneli tilisunge, pakuti mkangano wonse wa m'nkhani ino udzazungulira pa iye.

Ku England kwa 1960 nyimbo zoterezi zidali zosowa ngati mvula ya m'chilimwe. Wailesi ya BBC inkaziponya mwa apo ndi apo, masitolo a m'matauni ang'onoang'ono sankazidziwa, ndipo pamene Muddy Waters adacheza m'dzikomo mu 1958, ambiri mwa omvera, amene ankayembekezera mlimi wosauka wa gitala ya thabwa, adakhumudwa ndi phokoso la magetsi. Wofuna zimbale za Chess ankalemba kalata ku 2120 South Michigan Avenue ku Chicago, kutumiza ndalama, ndi kudikira masabata. Jagger ankachita zimenezo akali pasukulu. Iye ndi mnzake wa m'kalasi, Dick Taylor, pamodzi ndi anzawo ena awiri, Bob Beckwith ndi Alan Etherington, adazolowera kusonkhana kunyumba kwa makolo a Taylor ku Bexleyheath ndi m'nyumba za anzawo, Beckwith ali ndi gitala yolumikiza ku kachokuzira mawu kakang'ono, Etherington akugwedeza maseche ndi kuvomera, Taylor akusinthasintha pakati pa gitala ndi ng'oma zakale za agogo ake, ndipo Jagger, amene sadali kuliza kanthu, akuimba. Taylor atamaliza ku Dartford Grammar adapita ku Sidcup Art College, nakhala bwenzi la Richards. Ndipo chodabwitsa n'chakuti kwa nthawi ndithu adali pakati pa anyamata awiriwa, kuimba ndi wina madzulo ndi kuliza gitala ndi winayo masana m'zipinda za sukulu, popanda kuwakumanitsa.

Adakumana okha. M'mawa wa pa 17 Okutobala 1961, pa pulatifomu yachiwiri ya siteshoni ya Dartford, Jagger adali kudikira sitima yopita ku London School of Economics, kumene adali atangoyamba maphunziro a zachuma, ndipo m'khwapa adapanira zimbale ziwiri za ku Chicago: Rockin' at the Hops cha Chuck Berry ndi The Best of Muddy Waters. Richards, amene ankadziyesa yekhayekha wodziwa Chuck Berry m'dera lonselo, adaona zikuto za zimbalezo asadaone nkhope ya mwini wake. Adakwera sitima imodzi, nakamba za nyimbo kufikira Richards adatsika pa Sidcup. Ndipo pasadapite masiku ambiri adali atakhala wachisanu m'kagulu kaja.

Ntchito yeniyeni ya kaguluka, ngati tinena zoona, idali kumvetsera. Padalibe mphunzitsi, padalibe buku la manoti, padalibe kanema woonetsa pamene Chuck Berry amaika zala. Chimene chidalipo ndi galamafoni ndi khutu. Mnyamata ankaika singano pa chimbale, kumvetsera kachigawo ka masekondi owerengeka, kunyamula singanoyo, kusakasaka mawuwo pa nsambo, kuibwezera pamalo pomwe paja, ndi kuteronso kufikira mzere wa chimbalecho utayera ndi kukalika, pakuti mphini yobwereza ndiyo imawala. Mwa njira imeneyi Richards adatulukira kuti Berry amakanda nsambo ziwiri nthawi imodzi, ndi kuti pansi pa kulira konseko dzanja lamanja limayenda mosapumira ngati mawilo a sitima. Ndipo m'zimbale za Jimmy Reed adamva magitala awiri olukana, kotero kuti womvera sangathe kuloza wotsogola ndi wotsatira, chinthu chimene chidadzakhala chizindikiro cha The Rolling Stones kwa zaka 60. Jagger naye ankachita ndi lilime zomwe mnzake ankachita ndi zala. Mwana wa mphunzitsi, woleredwa m'Chingerezi chosalala, adaphunzira kukoka mawu ndi kumeza mathero ake monga munthu wa ku Mississippi. Ndipo umboni wakuti khutu lake lidali lakuthwa ndi wakuti ankaimba La Bamba ya Ritchie Valens yonse m'Chisipanishi, chinenero chimene sadali kuchimva, akungotsanzira maliwu monga adagwera m'khutu.

M'nyengo yachisanu ya pakati pa 1961 ndi 1962 adadzijambula pa tepi ija. M'menemo muli Around and Around, Little Queenie, Beautiful Delilah, Johnny B. Goode ndi Down the Road Apiece, zonsezo zotengedwa m'zimbale za Chuck Berry, ndi zina zowerengeka monga I Ain't Got You ndi La Bamba yomweyo. Kaimbidwe kake n'ka ana: liwiro limapunthwa, magitala ndi opyapyala, ndipo palibe nyimbo ndi imodzi yomwe yopeka okha. Koma pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna owerenga achigwire. Kagulu kameneka timakatcha ka blues, ndipo eni ake ankadzitcha chomwecho, dzina lenilenilo likuchitira umboni. Komabe mtima wake udali pa blues yothamanga, yovinika, imene akatswiri a blues a ku London ankainyoza kuti ndi rock and roll ya ana. Chimene ena akadachiyesa chilema cha anyamatawa ndicho chidali chuma chawo. Ndipo kudangochitika kuti m'miyezi yomweyo imene iwo ankalambira Chuck Berry ku Kent, mwini wakeyo adali kulowa m'ndende ku America, kumene adakhala kuyambira Febuluwale 1962 kufikira Okutobala 1963, osadziwa kuti kutsidya kwa nyanja kuli ana amene akumusungira moto.

M'mwezi wa Malichi 1962 anyamatawa adawerenga m'nyuzipepala ya nyimbo kuti ku Ealing, kumadzulo kwa London, kwatsegulidwa malo oimbirako blues yamagetsi. Eni ntchitoyo adali Alexis Korner, mkulu wobadwira ku Paris mu 1928, ndi Cyril Davies, mmisiri wowongola magalimoto ophwanyika amene madzulo ankaliza limba la pakamwa. Gulu lawo linkatchedwa Blues Incorporated, ndipo pa ng'oma padali mnyamata wofatsa, wojambula zotsatsa malonda, dzina lake Charlie Watts. A ku Dartford adatumiza tepi ya nyimbo zawo kwa a Korner, ndipo mkuluyo, amene mphatso yake yaikulu idali yolandira ana a eni, sadawanyoze. Malowo adali chipinda chapansi, kunsi kwa sitolo ya tiyi moyang'anana ndi siteshoni ya Ealing Broadway, chotsikira pa masitepe opapatiza. Ndipo anthu akadzaza, thukuta ndi mpweya zinkaundana kudenga ndi kudontha, kufikira eni ake adapachika lona pamwamba pa nsanja kuti madzi asagwere zingwe za magetsi ndi kupha oimba.

M'dzenje limenelo, pa 7 Epulo 1962, adaona chimene sadali kuchiyembekezera kwa Mngerezi. Mnyamata wa tsitsi loyera wochokera ku Cheltenham, wodzitcha Elmo Lewis polemekeza Elmore James, adakhala pansi naliza Dust My Broom, atavala kachitoliro ku chala ndi kumakatsetsereza pa nsambo m'malo mozipanikiza. Achikulire amene adamvapo gitala ya hawayani ya a Ndiche Mwarare pa wailesi akudziwa kulira kwake, kuja kwa nsambo yolira ngati munthu. Kusiyana n'kwakuti wa hawayani amagoneka gitala pamiyendo, pamene mnyamatayu adaigwira pachifuwa monga mwa masiku onse. Dzina lake lenileni lidali Brian Jones. Adali wamkulu kwa iwo ndi chaka chimodzi chokha ndi miyezi, koma adali atalawa kale dziko: adali atachoka pakhomo pa makolo, atagonapo ndi njala, atabereka kale ana, ndipo ankaliza chida chilichonse chimene chagwa m'manja mwake. Kwa ana a ku Dartford, amene ankagonabe m'nyumba za amayi awo, ameneyu adali mlendo wobwera ndi kalumo kakuthwa.

Kuyambira pamenepo zinthu zidathamanga. A Korner adalola Jagger ndi Richards kukwera pansanja, naimba Around and Around, a Davies akuyang'ana kumbali ndi nkhope yakugwa. Jagger adakhala mmodzi wa oimba a Blues Incorporated. Ndipo m'mwezi wa Meyi Jones adaika chidziwitso m'nyuzipepala ya Jazz News kuitana ofuna kuyambitsa gulu. Woyamba kuyankha adali Ian Stewart, kalaliki wa kampani ya ICI, wa chibwano chachikulu ndi dzanja lamanzere lolemera pa piyano. Adayamba kuyeserera m'chipinda chapamwamba cha bala ya Bricklayers Arms ku Soho, ndipo m'menemo mudalinso anthu awiri aluso ndithu, Geoff Bradford wa gitala ndi Brian Knight woimba, okhulupirira blues yeniyeni ya Muddy Waters ndi anzake, yosasakaniza. Pamene Jagger, Richards ndi Taylor adalowa ndi Chuck Berry wawo, nyumba idagawanika. Bradford ndi Knight adaona ngati chonyansa chalowa m'malo opatulika, ndipo adatuluka. Jones ndi Stewart, amene nawonso adali okhwima pa chiphunzitso, adatsala, mwina chifukwa adazindikira kuti nyimbo imodzi sachezera gule.

Apa ndipo pali phata la nkhani yonse, monga ndikuionera ine. Akadapambana a chiphunzitso choyera, London akadakhala ndi gulu lina labwino la blues, lolemekezeka kwa odziwa, loimbira anthu mazana awiri m'chipinda chapansi, ndipo ife kuno sitikadamva dzina lake. Akadakhalanso okha a ku Dartford, akadakhala gulu la madansi a Loweruka, limodzi mwa mazana amene ankatsanzira Chuck Berry m'dzikomo. Chimene chidabala The Rolling Stones ndi ukwati wa nyumba ziwirizi, kuzama kwa Jones ndi Stewart kukumana ndi liwiro la Richards ndi chipongwe cha Jagger. Ndipo chimene a Blue Boys adabwera nacho ku ukwatiwo chidali chomwe chija ankanyozedwa nacho.

Kagulu ka ku Dartford kadatha popanda maliro. Palibe adalengeza, kungoti atatu adayamba kukwera sitima ya ku Soho, ndipo Beckwith ndi Etherington, amene adabwereketsa manja, nthawi ndi ubwenzi wawo m'masiku amene palibe ankawombera m'manja, adatsalira m'mbuyo nalondola njira zina za moyo. Mabuku ambiri amawapatsa mzere umodzi.

M'mwezi wa Julayi a BBC adaitana Blues Incorporated kukaimba pa wailesi tsiku Lachinayi, lomwe lidali tsiku lawo ku Marquee Club pa Oxford Street. Ndipo popeza a wailesi sadafune kulipira oimba oposa asanu ndi mmodzi, Jagger adatsala, napatsidwa iye ndi anzake mwayi wogwirizira malowo. Dzina lidali lisadapezeke. Monga amafotokozera Richards, Jones ali pa telefoni ndi a Jazz News adafunsidwa dzina la gululo, ndipo maso ake adagwa pa chimbale cha Muddy Waters chimene chidali pansi, pomwe padalembedwa nyimbo ya mu 1950 yotchedwa Rollin' Stone. Chotero pa 12 Julayi 1962 adakwera pansanja Jagger, Richards, Taylor ali pa gitala ya besi, Jones ndi Stewart. Bill Wyman, wa gitala ya besi, adadza mu Disembala, akuti adalandiridwa msanga chifukwa adali ndi zokuzira mawu zazikulu, ndipo Charlie Watts adavomera mu Januwale 1963. Chaka chomwecho manijala wachinyamata, Andrew Loog Oldham, adachotsa Stewart pa zithunzi ponena kuti nkhope yake siigwirizana ndi anzake, ndipo munthu wofatsayo adavomera kuyendetsa galimoto ya gululo ndi kuliza piyano kuseri kufikira imfa yake mu 1985. Chimbale chawo choyamba, chotuluka pa 7 Juni 1963, chidali Come On, nyimbo ya Chuck Berry.

Funso limene munthu wa kuno sangalephere kufunsa ndi la ngongole. Ana a azungu adatenga nyimbo zobadwa m'masautso a anthu akuda, nalemera nazo koposa eni ake. Kodi kumeneku ndi kuphunzira kapena kulanda? Yankho loona lili ndi mbali ziwiri zosalingana. Anyamatawa sadabise kumene adatunga. Mu Juni 1964, pa ulendo wawo woyamba wa ku America, adapita ku 2120 South Michigan Avenue, nyumba ija Jagger ankalembera makalata, najambuliramo nyimbo, nakumana maso ndi maso ndi Muddy Waters ndi Chuck Berry. (Richards amakonda kusimba kuti adapeza Muddy Waters ali pa makwerero akupaka utoto kudenga chifukwa zimbale zake sizinkagulidwa, Marshall Chess, mwana wa Leonard, amakana kwamtuwagalu, ndipo poona mmene mkuluyo ankatchenera, ine ndimapendekera kwa Marshall.) Mu Disembala chaka chomwecho adakweza Little Red Rooster, blues yoyenda pang'onopang'ono ya Willie Dixon imene Howlin' Wolf adajambula mu 1961, kufika pa nambala 1 ku Britain, gitala ya Jones ikulira ngati usiku uja ku Ealing. Mu Meyi 1965, ataitanidwa ku pulogalamu ya kanema ya Shindig! ku America, adaumirira kuti Howlin' Wolf aitanidwenso, ndipo iwo adakhala pansi kumapazi ake, mamiliyoni a ana a azungu a m'dzikomo akuona kwa nthawi yoyamba chimphona chimene chidali pakhomo pawo masiku onse. Akuluakulu ambiri a blues adapeza omvera atsopano ndi malipiro abwino m'zaka zawo zakumapeto chifukwa cha khomo limeneli.

Koma mbali inayo siifafanizika. Pa chimbale cha Beggars Banquet cha mu 1968, nyimbo ya Prodigal Son, yosimba fanizo la mwana wolowerera, idatuluka poyamba yolembedwa maina a Jagger ndi Richards, pamene mwini wake adali mbusa Robert Wilkins wa ku Memphis, ndipo padafunika kukonza. Ndiponso kulemekeza sikulipira lendi: chuma cha ophunzira chidaposa cha aphunzitsi kutalitali, ngakhale kuti mbali yaikulu ya mlandu umenewo ili pa makampani a ku America komweko, pakuti Muddy Waters ndi Willie Dixon adachita kusumira kampani yosunga umwini wa nyimbo ya a Chess m'zaka za m'ma 1970 kuti alandire zawo. Ubwenzi wokha udakhalitsa; pa 22 Novembala 1981 Jagger ndi Richards adalowa m'kabala ka Checkerboard Lounge ku Chicago nakwera pansanja ya Muddy Waters monga ana obwera kudzaona bambo, ndipo mkuluyo adamwalira mu Epulo 1983. Mu 2016, ali nkhalamba, adatulutsa Blue & Lonesome, chimbale cha nyimbo za blues za eni zokhazokha, chojambulidwa m'masiku atatu.

Brian Jones sadaone zimenezo. Ng'oma yolira siichedwa kung'ambika: mphamvu m'gululo idasamukira kwa awiri a ku Dartford pamene adayamba kupeka nyimbo zawo, iye adamira m'mankhwala ozunguza bongo, adachotsedwa mu Juni 1969, ndipo pa 3 Julayi adapezeka atafa m'dziwe losambira kunyumba kwake, ali ndi zaka 27. Nchifukwa chake mu 2015, pamene khonsolo ya Dartford idakhoma chikwangwani pa pulatifomu ija chonena kuti Jagger ndi Richards adakumana pamenepo nadzayambitsa The Rolling Stones, Bill Wyman adakwiya nanena poyera kuti woyambitsa, wosankha anthu ndi wopereka dzina adali Jones. Ndipo a khonsolo adavomera kukonza mawuwo. Wyman adanena zoona, pakuti chidziwitso cha mu Jazz News chidali cha Jones. Chimene chidayambira pa siteshoni paja chidali kukwanira kwa Blue Boys, kagulu kamene kadapereka atatu mwa oimba aja a ku Marquee. Ndipo zikwangwani, mwa chikhalidwe chawo, zilibe malo a nkhani ya makolo awiri.

Watsala Dick Taylor, amene adalumikiza onsewa. Iye adali wa gitala yotsogola, ndipo besi adaigwira chifukwa magitala adachuluka. Chakumapeto kwa 1962, gululo lisadaone ndalama, adatsanzika mwamtendere nabwerera ku maphunziro a zojambula. Anthu amakonda kumumvera chisoni ngati munthu amene adatsika basi itatsala pang'ono kufika, koma mbiri yake siivomera chisonicho. Mu 1963 iye ndi Phil May, mnzake wa ku Sidcup, adayambitsa The Pretty Things, dzina lotengedwa ku nyimbo ya Bo Diddley, gulu la phokoso ndi tsitsi lalitali limene makolo a ku England adaliopa koposa a Stones enieniwo; ndipo chimbale chawo cha mu 1968, S.F. Sorrow, chimawerengedwa pakati pa zoyambirira kusimba nkhani imodzi kuyambira nyimbo yoyamba kufikira yotsiriza. Chuma chambiri sadachipeze, koma adaimba zaka zoposa 50, natsekera ndi konsati ya ku London mu Disembala 2018, David Gilmour ndi Van Morrison ali alendo. May adamwalira m'mwezi wa Meyi 2020, ndipo chimbale chotsiriza cha awiriwo, Bare as Bone, Bright as Blood, chidatuluka chaka chomwecho iye atapita: nyimbo za magitala a thabwa, zambiri za blues, pakati pake pali za Robert Johnson ndi Muddy Waters, Taylor akuliza ali ndi zaka zoposa 75.